Simbi Anakana Bulawayo

Mukafika ku Shurugwi n'kufunsa za Swalehe, ambiri akuuzani kuti samudziwa. Mufunse za Simbi. Pamenepo yambani mwapeza pokhala, chifukwa aliyense amene imvi zayamba kumutuluka ali ndi nkhani yake, ndipo nkhani zonsezo zimathera pamodzi: Simbi anakana Bulawayo. Timu yaikulu ya mpira ya mumzindawo inamutumizira galimoto mpaka pakomboni, iye n'kuibweza. Alipo anyamata m'tauni muno amene anapatsidwa dzina lake chifukwa cha nkhani imeneyi. Ndi nkhani yokoma, ndipo ine ndikudziwa bwino kukoma kwake poti ndinaipeka ndine. Mwini wake wakhala zaka makumi atatu ndi ziwiri asakudziwa zimenezo, chonsecho ndi mnzanga wa ponda apa nane mpondepo.

Dzina langa ndi Nikodemo. Ine ndi Swalehe tinabadwira m'komboni ya mgodi wa Chomukwe, nyumba zoyang'anana. Bambo ake anachokera ku Mangochi, anga ku Dedza, onse kudzakumba miyala ya kromu. Iye ankapita kumzikiti, ine kutchalitchi, koma mpira wachikulunga tinkamenyera limodzi kuseri kwa bawa. Kusiyana kwake n'kwakuti iye mpira unkamumvera. Ine anandiyesa pagolo kamodzi, ndinamwa zigoli zisanu ndi ziwiri, ndipo poti amati ukaipa dziwa nyimbo, ndinanyamula ng'oma n'kukhala mtsogoleri wa ochemerera timu ya mgodi. Ntchito yondidyetsa inali ya ulonda pageti la komboni.

Swalehe analowa m'timu mu 1984, navala jezi ya nambala faifi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Dzina loti Simbi, lomwe m'Chishona ndi chitsulo, anamupatsa ndi adani athu a ku Munyati atatopa n'kumugunda. M'mawa ankalowa pansi kukaboola miyala, masana n'kutuluka ali mbuu ndi fumbi, kusamba, n'kulunjika kubwalo. Khadi yofiira sanaionepo. Akamugwetsa munthu, ankamudzutsa yekha n'kumupukuta msana amvekere, "Pepani achimwene," kenako pakapita mphindi zochepa n'kumugwetsanso. Mwezi wa Ramazani ankasewera osalawa ngakhale dontho la madzi, anzake akupapira mabotolo pambali pake. Zimenezi ndi zoona, ndinaziona ndi maso angawa.

Zina zimene mungamve n'zokometsera. Amati tsiku lina pabwalo la ku Mambo, ku Gweru, anaphulitsa mpira ndi mutu. Ndinalipo, mpirawo unali utasokedwa kanayi. Amatinso anasewerapo mwendo uli wothyoka, pomwe chinali chala chokha. Ochemerera ndife anthu achikondi chachikulu, koma chikondi chathu chimakonda kudzimvera chokha.

Tsiku la nkhani yathu linali Lachisanu, mu 1991, dzuwa lili paliwombo. Pageti panaima galimoto yoyera, ndipo munatuluka bambo wa tayi atanyamula envelopu.

"Mdala, ndikufuna nambala faifi wanu," anatero mosakaniza Chindebele ndi Chilapalapa cha m'migodi. "Ndamuonera masewero atatu. Ndabwera ndi kalata. Nyumba ilipo, ntchito yapamtunda ilipo, asalowenso m'dzenje."

Pamene ndinaimapo ndinkaona denga la mzikiti. Swalehe anali m'menemo akuswali, ndipo kumuitana kukanatenga nthawi yochepa kuposa yosuta ndudu imodzi. Koma Lamulungu lake tinali ndi masewero ndi a ku Munyati, ndipo wopambana ankakwera ligi. Mutu wanga unangodzaza ndi zimenezo.

"Aikona, bwana, mwachedwa," ndinayankha. "Wapita kwawo ku Malawi. Kwagwa maliro, ndipo wanyamula ndi mapoto omwe. Sabweranso."

Bamboyo sanafunse kawiri. Anangopukusa mutu n'kunena kuti ife a ku Malawi ndi mmene tilili, thupi kuno mtima kwathu. Chonsecho Swalehe ku Malawi sanapondeko chibadwire, ngakhale ine. Tonse timangokumva m'kamwa mwa makolo. Koma munthu wa kuno ukamuuza kuti Mnyasa wabwerera kwawo, amakhulupirira msanga kuposa zolembedwa m'Baibulo. Galimoto inatembenuka, fumbi kobo. Ngati bamboyo anadzamva pambuyo pake kuti Simbi alipo, sindikudziwa, koma timu zazikulu sizipempha kawiri.

Vuto linali lakuti amayi a pampopi anaiona galimotoyo. Madzulo ndisanakhale n'komwe pansi kubawa, mafunso anali atandizinga. Ndikananena zoona akanandiseka kapena kundimenya, choncho ndinaimirira n'kulengeza kuti a ku Bulawayo anabwera kudzatenga Simbi, koma Simbi wawauza kuti magazi ake ndi a Chomukwe. Bawa yonse inaphulika. Pofika Lamulungu nyimbo inali itapekedwa kale, ndipo woiimbira ng'oma ndinali ine. Masewerowo tinagonja ndi zigoli ziwiri kwa duu.

Swalehe samwa mowa, ndiye nkhani ya kukana kwake anaimvera pabwalo ngati wina aliyense. Lolemba lake anandipeza pageti.

"Niko, galimoto ikunenedwayi inabweradi?"

"Aa, anali ogulitsa mipando atasochera," ndinatero. "Ukuwadziwa anthu athu, shamwari, mnzangawe. Akangoona tayi basi apeka nyimbo."

Anangoti "Oho," n'kumapita. Kwa miyezi ingapo anayesa kuwauza anthu kuti palibe amene anamufunapo, koma iwo anati onani kudzichepetsa kwake mwamuna ameneyu, n'kuwonjezera ndime ina panyimbo ija. Potsiriza anangosiya. Nyimboyo ikayamba, iye ankawerama n'kumamanga zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale.

Anasiya mpira mu 2005, mawondo atakana. Mgodi unatsekedwa patapita zaka zochepa, ndipo chimene unamusiyira ndi fumbi m'chifuwa. Lero amakhala pambali pa tebulo la mkazi wake Ummi pamsika, kuthandiza kuunjika tomato. Akayamba kutsokomola, makasitomala amadikira kaye. Ine ndakhala ndikupita kukacheza naye pafupifupi tsiku lililonse, ndipo chifuwa chimenecho chikalira ndimamva mawu a bambo wa tayi uja, akuti asalowenso m'dzenje. Zimandipweteka, sindinama. Koma ndinkati ndimuuza mawa, mawalo n'kukhala zaka.

Chaka chino ochemerera akale tinapanga komiti, wapampando wake Mayi Noria, amene kale ankagulitsa malalanje pabwalo. Bwalolo latha. Kuseri kwa golo lakumtunda makorokoza, anyamata okumba golide paokha, asiyako maenje oti mpira ukagweramo umaiwalika. Komabe khoma limodzi lilipo, ndipo komiti inagwirizana zolembapo dzina la Simbi ndi penti, n'kumuchitira mwambo.

"Timulemekeze akadali moyo," anatero Mayi Noria. Anthu akayamba kulankhula choncho ndiye kuti chifuwa chako achimva. "Ndipo inu a Nikodemo, poti munaliko pageti tsiku lija, mudzatifotokozere bwinobwino mmene anaikanira galimoto. Ana a masiku ano amve. Iwowa akangomva fungo la timu ina athawa kale."

Ndinagwira njakata. Kunama kumbali n'kwina, koma apa ndinayenera kunama mwiniwake atakhala pampando wolemekezeka, akundiyang'ana, mwina komaliza.

Loweruka la mwambowo ndinapita kukamutenga. Ummi ndi mwana wawo Munira anali atatsogola ndi mapoto a mpunga. Swalehe anavala mkanjo woyera ndi kofiya, jezi yake yakale ataipinda m'jumbo. Shurugwi ndi mapiri okhaokha, ndipo pa chitunda cha kubwalo mpweya unamuthera. Tinakhala pamwala m'mbali mwa msewu. Kumtunda kunkamveka kale anthu akuyesa zokuzira mawu.

"Swale," ndinayamba, "galimoto ija sinali ya mipando."

Ndinamuuza zonse, osasiyako: tayi, envelopu, maliro a ku Malawi, za kubawa. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndikanakonda zimenezo. Iye anangoyang'ana jumbo lake.

"Anandionera masewero angati?"

"Atatu."

"Atatu," anabwereza. "Anati chiyani za ine?"

Ndinakanda mutu. Zoona zake n'zakuti tsiku lija sindinkamvetsera, ndinali kalikiliki kukonza bodza. Koma chimodzi ndinachikumbuka.

"Anati sanaonepo wotchinga kumbuyo amene amadziwa kumene mpira ukupita woumenya asanaganize."

Swalehe anatseka maso. Milomo yake inkayenda, kubwereza mawuwo chamumtima. Kenako chifuwa chinamugwira, natsokomola mpaka misozi, ndipo sindinadziwe kuti misoziyo ndi ya chifuwa chokha kapena ayi.

"Ukudziwa, Niko," anatero mpweya utabwerera, "zaka zonsezi ndimagona ndi manyazi. Anthu kunditamanda kuti ndinakana, pomwe palibe anandifunsa. Kumzikiti shehe akamalalikira za bodza, ndinkawerama. Ndinkati wabodza ndine, wakudya ulemu wa eni. Ngakhale Ummi, amene ndinamukwatira pambuyo pake, sindinamuuze kuti palibe anabwera. Ndinkati ndine wa mpira wa pakomboni basi, ndipo ndi Mulungu yekha akudziwa."

Apa mpamene ndinafunsa funso lopusa kuposa onse amene ndafunsapo. Ndinkafuna kamtengo kogwira.

"Koma ukanapita? Iwe, kusiya Chomukwe?"

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba.

"Ndikanasiya ndi nsapato zomwe pakhomo la mzikiti."

Lole ya miyala inadutsa, n'kutithira fumbi.

"Ndikawauza zoona lero," ndinatero. "Pamaso pa onse. Andigende ngati akufuna."

"Ayi," anayankha. "Penti agula kale. Ummi wasoketsa diresi, ndipo Munira wabwera ndi ana kuchokera ku Gweru kuti adzamve za agogo awo. Bulawayo unandilanda, ichi usandilandenso. Ukanene zomwe umanena masiku onse, ndipo ukazinene bwino."

Anadzuka yekha. Ndinamupatsa mkono kuti atsamire monga tinayambira ulendo, koma iye anauyang'ana n'kupitirira. Chitunda chonsecho anakwera yekha, kuima pakapita mapazi khumi aliwonse, ine ndikumutsata pambuyo ngati mbuzi yogulidwa.

Pabwalo panali anthu ambiri kuposa amene ankabwera timu ikusewera. Pakhoma anali atalemba ndi zilembo zobiriwira kuti SIMBI, WOKHULUPIRIKA MPAKA KALE. Nkhalamba zinasimba za mpira wophulika uja, ndipo tsopano unali watsopano wochokera m'sitolo. Itafika nthawi yanga ndinagwira chokuzira mawu n'kufotokoza. Sindinayambe ndaifotokozapo bwino chotero. Ndinawauza mmene Simbi anatulukira mumzikiti, mmene anawerengera kalata mpaka kumapeto, mmene anaipindira n'kuibweza ndi manja awiri. Amayi ena analira. Bambo wina anakoka khutu la mwana wake kuti amvetsetse. Nyimbo ija inayambika yokha, anthu mazana akuimba, ndipo Swalehe anakhala tsonga pampando wake, osawerama.

Potsiriza Mayi Noria anamutengera chokuzira mawu pamene anakhalapo.

"Baba Simbi, tiuzeni ndi pakamwa panu," anatero. "Galimoto ija itabweranso nhasi, lero lomwe lino, mungaiyankhe chiyani?"

Swalehe anatsokomola pang'ono, natembenukira kumene ndinaima.

"Funsani wa pageti," anatero. "Ndi amene amandiyankhira."

Anthu anafa nazo nseko. Anawomba m'manja, ena kundimenya pamsana, wina mpaka kundigulira chakumwa chozizira. Mwambo utatha, Swalehe anatsamira mkono wa Munira n'kuyamba kutsika chitunda. Anadutsa pafupi nane kwambiri moti mkanjo wake unandikhudza, koma sanandiyang'ane.