Mafoda a Mayina a Minda

Ndinakulira pa famu ya fodya ku Karoi. Mzungu mwini famuyo ankatchula minda ndi manambala, koma ife a mu komboni tinkati Kuchulu, Kwanjoka, Kudambo.

Lero ndimalemba mapulogalamu a kompyuta ku Ruwa. Pulogalamu imodzi ndimaitsegula m'mafoda angapo, foda iliyonse ndi nthambi yake ya ntchito, kuti ndikamakonza cholakwika kuno ndisasokoneze zatsopano uko. Mafodawo ndimawatcha mayina a minda ija. Mnzanga wa kuntchito amalimbikira kuti dzina lizinena zimene zili m'katimo. Akunena zoona, koma zake izo.

Famu anaigawa kalekale, ndipo olimapo lero sawadziwa mayinawa. Ntchito ikatha, foda timaifufuta. Ya Kuchulu, kumene mayi anga ankapalira, ikadalipo.