Chala Changa pa Kachipu ka Mwana Wanga

Ndakonza mawailesi ku Mbayani kwa zaka zambiri, ndipo lamulo langa linali limodzi: chinthu chikafika pabenchi, yamba wauzira, upukute ndi malaya, vuto uzilifuna pambuyo. Palibe wailesi inadandaulapo.

Mwana wanga wamkazi, yemwe ankaphunzira kunja, anabwera ndi kabokosi koonekera mkati. Munali kachipu kochepa ngati chikhadabo.

"Ababa, muno muli kanyali kakang'ono," anatero. "Kuwala kwake kumayenda m'tinjira tosemedwa momwemo, toonda kuposa tsitsi. Ndakapanga ndekha. Mawa ndikakaonetsa ku koleji komwe ndikufuna ntchito yophunzitsa. Chonde musatsegule."

Atangopita kumsika, kunabwera anzanga awiri a bawo. Ine ndi matama anga, kuuzidwa ndi mwana wobala ndekha kuti ndisagwire chipangizo? Ndinatsegula, n'kukanyamula ndi zala. Nditaona ngati kafumbi ndinauzira, n'kukapukuta pamalaya.

"N'zomwezija za m'mawailesi izi, angozichepetsa," ndinawauza anzangawo, iwo akugwedeza mitu. Ndinakabwezera m'kabokosi, ndipo mwanayo sindinamuuze.

M'mawa mwake anandikhazika pampando wakutsogolo m'holo ya kukoleji kuja, nditavala jekete langa la kutchalitchi. Anaika kachipuko pansi pa maikulosikopu, chithunzi chake n'kuonekera pakhoma, chachikulu kuposa chitseko. Tinjira tija tinaoneka ndithu, koma tambiri tinali titakalika. Pamwamba pake panali chidindo cha chala, mizere yake ngati ya m'munda, ndipo pakati panadutsa chipsera chomwe ayironi yowotcherera inandisiyira pachala chachikulu. M'holo monsemo, odziwa chipseracho tinali awiri.

"Wagwira ndani?" anafunsa mkulu wa aphunzitsi.

Mwana wanga anayang'ana pakhomapo kwa nthawi. Ine sanandiyang'ane.

"Ndine, bwana. Ndinalakwitsa polongedza."

"Munthu wa mu labotale kugwira chipu ndi manja?" anatero mkuluyo, akulemba papepala.

Apo ndi pomwe ndikanaimirira. Pakamwa ndili napo, a ku Mbayani akudziwa, koma tsiku limenelo ndinangoyang'ana nsapato zanga. Manyazi anandigwira, ndipo mantha oti anthu ophunzira andiseka anaposa chisoni chomwe ndinamumvera mwana wanga.

Ntchitoyo sanamulembe. Mu minibasi pobwerera ndinafumbata chala chija ulendo wonse, ndikudikira kuti andikalipire. Titafika pa Ginnery Corner anatembenuka n'kundifunsa ngati ndamva njala. Mpaka lero za tsiku limenelo sanandifunsepo china.