Galimoto Yapamwamba ya aMubwerenso

Amalume anga anagwira ntchito yoyesa anthu ofuna laisensi yoyendetsera galimoto kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ankakhala pambali pa woyesedwayo, kabuku pabondo, cholembera chofiira atachipanira kukhutu, ndipo kukalipa sankakudziwa. Munthu akaiwala kuyang'ana pagalasi, iwo ankangotsokomola pang'ono n'kulemba. Pomaliza ankatseka kabukuko mwaulemu n'kunena liwu limodzi: "Mubwerenso." Liwulo linasanduka dzina lawo. Ngakhale akazi awo ankawaitana choncho akapsa mtima.

Zaka zonsezo galimoto yawoyawo analibe. Kuntchito ankapita pa basi, atakhala kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala, akupukusa mutu njira yonse. Ankati sangagule galimoto yakale chifukwa akudziwa bwino anthu amene anaiyendetsapo. Atapuma pantchito analengeza kuti agula yatsopano, imodzi mwa tigalimoto tija totukuka pang'ono, toposa galimoto za saluni msinkhu koma tosafika pa zikuluzikulu zoyenda m'tchire.

Mtundu wa galimoto anausankha tsiku limodzi. Vuto linabwera atatsegula kabuku ka kusitolo n'kupeza kuti galimoto yomweyo ili m'magiredi atatu: yapansi, yapakati ndi yapamwamba. Injini imodzimodzi, thupi limodzimodzi, kutalika chimodzimodzi. Anayala kabukuko patebulo lodyera, n'kutenga rula ndi cholembera chofiira chija, ndipo kwa milungu isanu banja linkadyera pamiyendo. Akazi awo ankafuna zinthu ziwiri zokha: mpando woti akwere osapinda kwambiri bondo lawo lovuta lija, ndi buti yokwana makina awo osokera. Zonsezo zinalipo m'magiredi onse atatu. Amalume anati kuganiza kotereku n'kumene kumachititsa ngozi.

Ine ndinawaperekeza kusitoloko tsiku limene sindinapite kuntchito. Pansi pake pankachita kuwala ngati mbale, ndipo galimoto zitatuzo zinaima mondondozana, zonse zotuwa. Anatilandira mayi wina wogulitsa, wamfupi, wovala jekete yabuluu. Atangowaona amalume anamwetulira n'kuwakumbutsa kuti anamulepheretsa katatu, kachitatuko chifukwa choyetsemula pamphambano. Amalume anayankha kuti woyetsemula amatsinzina, ndipo wotsinzina sayendetsa.

Mayiyo sanasunge mangawa. Anawafunsa komwe azipita ndi galimotoyo. Anati kumsika, kuchipatala kukayezetsa magazi, ndi kwa mlongo wawo, amene ndi mayi anga, tsidya lina la tauni. Anawafunsanso za msewu wakwawo, iwo n'kuvomera kuti uli ndi maenje.

"Ndiye tengani yapakatiyi, bambo," anatero mayiyo. "Ili ndi kamera yoonera kumbuyo, mipando yake ndi yansalu, siwotcha, ndipo matayala ake ndi onenepa. Yapamwambayi ndi ya anthu oyenda maulendo aatali. Imalankhulanso kwambiri."

Amalume anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti wamalonda akakukaniza chinthu chodula ndiye kuti wachisungira m'bale wake, kapena akubwezera zakale. Kenaka analowa m'galimoto yapansi ija. Pafupi ndi chiwongolero anapeza timabatani tisanu takuda, tosalembedwa kanthu, tosadinika. Mayiyo anafotokoza kuti ndi malo a zinthu zimene giredi imeneyo ilibe. Amalume anati chimenecho n'chipongwe, munthu sungamakhale m'galimoto yako yomwe ikukuloza chala m'mawa uliwonse. M'yapakati timabatani totero tinalimo tiwiri, komanso anakumbukira kuti mlamu wawo, amene iwo anamulepheretsapo kawiri, ali ndi yapakati yomweyo. M'yapamwamba batani lililonse linali ndi kachithunzi kake. Munali mipando yachikopa, denga lagalasi ndi matayala opyapyala a malimu aakulu onyezimira. Anasaina.

Galimoto inayamba kulankhula tisanathe n'komwe msewu woyamba. Amalume atayandikira mzere woyera, inalira katatu ndipo chiwongolero chinanjenjemera m'manja mwawo. Atafuna kulowa mbali ina asanayatse indiketa, inaliranso, kagetsi kachikasu kakuphethira pagalasi lam'mbali. Atayandikira kwambiri lole ya njerwa, inakuwa ngati yapondedwa. Iwo ankayankha chilichonse. Ankaiuza kuti mzerewo anaujambula mokhota, kuti loleyo ndi imene ikuyenda molakwa, kuti iwo anayamba ntchito imeneyi iyo isanalotedwe n'komwe.

Tsiku lachitatu anatenga akazi awo kupita nawo kumsika. Pobwerera, pasikirini panatuluka chithunzi cha kapu yofuka nthunzi ndi mawu akuti dalaivala watopa, apume kaye. Apo n'kuti atayenda mphindi makumi awiri zokha. Akazi awo anangotsokomola pang'ono. Kunyumba amalume sanadye.

Zina zapamwamba zija zinagwa zokha. Denga lagalasi linawawotcha padazi sabata yoyamba, ndipo analitseka mpaka lero. Mipando yachikopa ikakhala padzuwa inkawotcha ngati chiwaya, choncho akazi awo anaisokera zovundikira zansalu yamaluwa. Tayala limodzi lopyapyala lija linaphulika padzenje la pafupi ndi geti lawo lomwe, ndipo latsopano linatenga masabata awiri kuti lipezeke, galimoto ili pajeke, mlamu wawo akudutsa ndi yapakati yake n'kumaimba hutala yopereka moni.

Anabwerera kusitolo kuja kukapempha kuti aitseke pakamwa. Mayi uja anawaonetsa podina pasikirini, kasanu konse, n'kuwachenjeza kuti akazimitsa injini n'kuyatsanso, zonse zimadzuka. Amalume anafunsa, maso ali kumbali, ngati angasinthitse ndi yapakati. Mayiyo anawauza mofatsa kuti galimoto ikangomatidwa nambala ndiye kuti yasanduka yakale, ndipo ogula ambiri amafunsa kuti ankaiyendetsa ndani.

Mwezi wachiwiri ndinakwera nawo popita kwa mayi anga. Pafupi ndi malo ogulitsira matabwa, bambo wina anatulukira kuseri kwa basi yoima akukankha wilibala. Ine ndinamuona, galimoto inamuona, amalume sanamuone. Inagwira yokha buleki mwamphamvu mpaka malamba anatikoka pachifuwa. Bamboyo anatiyang'ana, n'kupitiriza ulendo wake. Amalume anaimika pambali, manja ali pachiwongolero. Ndinkadikira kuti aimbe mlandu wilibala, koma anandifunsa chapansipansi:

"Iwe, munthu uja anachokera mbali iti?"

Mawa lake anapita okha kukayezetsa maso, ndipo anabwerako ndi magalasi okhuthala. Kwa anthu ankati ndi owerengera nyuzipepala. Ine sanandiuze kuti ndisaulule, koma tinamvana.

Kuyambira pamenepo anayamba kuyenda pang'onopang'ono kwambiri, moti wanjinga wolimba miyendo amawapitirira. Ndipo galimoto inakhala chete. Amalume ananena monyadira kuti aiphunzitsa, kuti palibe wophunzira amene anawakanikapo. Makaniko amene amaisintha oyilo anandiuza kuti zochenjeza zambiri zija sizidzuka galimoto ikamayenda liwiro la kamba chotero, ndipo anandipempha kuti ndisawauze, chifukwa mabuleki a galimoto imeneyo sanawaonepo ena osamalika chomwecho.

Lachiwiri lililonse m'mawa amatuluka kupita kumsika, akazi awo ali pambali pa nsalu yamaluwa, kumbuyo kwawo kuli mndandanda wa galimoto mpaka pamphambano. Mwezi watha mphunzitsi wina woyandikana nawo nyumba anabwera ndi kabuku komwe kaja kudzafunsa nzeru, poti nayenso magiredi atatu aja amusowetsa mtendere. Amalume anavala magalasi awo, anakatembenuza kabukuko kawiri, n'kumubwezera.

"Tengani yapamwamba, aphunzitsi," anatero. "Koma mukhale munthu wopirira. Miyezi iwiri yoyambirira galimotoyi imakhala yamwano."