Nyimbo ya Akulu Anga pa Zenera la Odwala Chifuwa

Chifuwa chinayamba m'mwezi wa Junyu, zaka zinayi tisanalandire ufulu. Kuno ku Angoniya aliyense amatsokomola nyengo yozizira, ndiye sindinachiyese kanthu. Patatha miyezi iwiri ndinkadzuka malaya atanyowa ndi thukuta, thalauza likukhwepa, ndipo tsiku lina m'mawa ndinaona magazi pa kansalu kanga. Ndinakachapa ndekha kuti akazi anga, a Rozalina, asaone.

Pa nthawiyo ndinali pulofesolo, kapena kuti mphunzitsi, pa shikola ya mishoni kufupi ndi Vila Kotinyu, komwe lero timati ku Ulongwe, ndipo ndinkatsogolera kwaya ya m'tchalitchi. Tinkaimba Chilatini ndi Chipwitikizi, ndipo ndinkadzimva. Ndinkaopa kuti anthu akadziwa kuti ndili ndi chifuwa chachikulu adzandilanda ntchito ndi ulemu womwe. Ndinabisa miyezi isanu, ndikudya mbale imodzi ndi mwana wanga Sesiliya, wa zaka zinayi.

Mu Novembala ndinagwa kutsogolo kwa ana ndikuphunzitsa. Ku chipatala anayeza makhololo anga, kenako dotolo analamula kuti abwere nawo onse a kunyumba. Sesiliya nayenso anamupeza ndi chifuwa chachikulu. Mayi sisiteri wosamalira odwala anandifunsa kuti, "Magazi munayamba kuwaona liti, a Pulofesolo?" Nditawauza zoona anangoti, "Mukanabwera nthawi imeneyo mwanayu sakanakhala pano." Sanakweze mawu. A Rozalina anali pomwepo, mwana ali kumsana, ndipo sindinathe kuwayang'ana.

Anandigoneka m'chipinda cha odwala chifuwa okhaokha, amuna asanu ndi atatu. M'mawa uliwonse jakisoni m'thako, kenako mapiritsi odzaza dzanja amene ankatembenuza m'mimba. Aliyense anali ndi mbale yake, kapu yake ndi kachitini kolavuliramo. Loweruka ankatikweza pa sikelo. Alendo sankaloledwa kulowa. Ankaima panja pa zenera. Mawu anga anasasa mpaka ndinkangonong'ona.

Ndili ndi akulu anga, a Zakeyo, mlimi wa mbatatesi ku Domwe. Iwo ndi anzawo atatu ankaimba nyimbo za Mulungu pa maliro ndi pa maukwati, ndi gitala imodzi imene wina anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Chaka chimodzi ndisanadwale anapempha kuti aimbe pa chikondwerero cha ku mishoni. Ndinawakaniza pamaso pa anthu, nkunena kuti nyimbo zawo ndi za pa mowa. Anachoka, ndipo kuyambira pamenepo sitinayenderane.

Lamulungu lina masana, mu Janeru, ndinamva gitala panja. Anali iwo, anayi onse, matope mpaka m'mawondo. Anaimba nyimbo yothokoza imene a Zakeyo anapeka. Akulu angawo ankayamba okha ndi mawu oonda, okwera, kutchula chinthu chimodzi chimene munthu sagula: mpweya wa m'mawa, mvula yogwa mbewu itabzalidwa, mnansi wokutula katundu pamutu. Kenako awiri ankalowa pansi pawo mofatsa, ndipo wa besi ankabwera pomalizira nkukhazika zonse pa mawu amodzi othokoza. Panalibe wofuna kumveka kuposa mnzake. Ine amene ndinkaphunzitsa kwaya ndi ndodo m'manja ndinali ndisanamvepo mawu anayi akugwirana chotero.

Odwala amene ankatha kudzuka anapita ku zenera. Mkulu wina wa ku Kalomwe, amene tonse tinkadziwa kuti sakhalitsa, ankatsatira besi ndi milomo yokha. Ine ndinafunda bulangete kumutu. Ndime yomaliza inkathokoza chifukwa cha abale, ngakhale amene ali kutali, ndipo ndinalira mwakachetechete ndi manyazi.

Atatha ndinadzikoka mpaka pa zenera. Ndinanong'ona kuti, "Akulu, ndinakulakwirani."

A Zakeyo anayandikiza khutu kuti amve, kenako anati, "Zimenezo tidzakamba kumudzi. Munda wako tapalira. Iwe uzingomwa mankhwala."

Anabweranso Lamulungu lililonse lachiwiri mpaka ndinatuluka. Mkulu wa ku Kalomwe anamwalira mu Fevereru, ndipo achibale ake anapempha kuti nyimbo yomweyo ikaimbidwe pa maliro ake.

Ndinakhala m'chipatala miyezi inayi, ndipo mapiritsi ndinamwa kwa chaka china ndi theka, osadumphitsa. Sesiliya anachira ine ndisanachire, koma jakisoni zinamugonthetsa khutu limodzi. Lero ndi mayi wa ana ake, ndipo sanandinenepo za khutulo. Ine ndimakumbuka nthawi iliyonse akatembenuza mutu kuti andimve bwino.

Tsopano ndine wokalamba. Ndimalima pang'ono, ndimapuma movutikira ndikakwera chitunda, koma chifuwacho sichinabwerenso. Kwa aliyense wotsokomola kupitirira masabata awiri, wotuluka thukuta pogona kapena woonda osadziwa chifukwa, ndikuti pitani ku chipatala msanga, ndipo auzeni a kunyumba zoona. Ine ndinkaganiza kuti ndikubisa matenda anga ndekha, koma mtengo wake analipira mwana wa zaka zinayi.