Amalume pamwamba pa pepala

Ndinali nditaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri pasukulu ina yoyendera ku Vubwi pamene makompyuta anabwera. Chaka chomwecho ahedi anandiitanira mu ofesi yawo. Anandiuza mosapsatira kuti ana osankha phunziro langa akucheperachepera, ndipo makolo akuti nkhani za anthu akufa sizigulitsa mtedza.

"Amadamu, akapanda kuchuluka chaka chamawa, kalasi yanu titseka," anatero. "Muzidzathandizako kwina."

Ndinatuluka mtima ukuwira. Mkwiyo wonse ndinautula pa mphunzitsi wa makompyuta, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, wobadwira ndi kukulira ku Lusaka. Sanandilakwire kanthu. Kungoti ana ankathamangira m'chipinda chake n'kupanikizana atatu pa kompyuta imodzi, pamene ine anga ndinkachita kuwakusa ngati mbuzi zokana khola. Akandipatsa moni ndinkayankha maso ali kumbali. Zinali nsanje, lero ndikuvomera.

Tsiku lina pa nthawi yopuma anandipeza pansi pa mtengo wa mango, atanyamula mulu wa mapepala ofiira ndi inki yochongera.

"Amadamu, nithandizeniko," anatero. "Ana aba sanamvere olo pang'ono."

Anali atawapatsa ntchito yophunzirira kujambula mabokosi ndi mizere pa kompyuta. Aliyense alembe banja la kwawo, mutu wa banja pamwamba, ana m'munsi. Iye ankayembekeza kuona abambo pamwambapo. Koma ana ambiri anaikapo amalume awo, abambo n'kuwakankhira m'mbali mwa pepala. Mtsikana wina anadzaza maina atatu m'bokosi la amayi. Onsewo anali atawalepheretsa.

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kwake sikunali kwabwino. Nditapuma ndinamuuza kuti anawo sanalakwitse. Kwathu kuno mwana amatsata kuchikazi. Abambo ambiri anabwera kudzakwatira pamudzi wa akazi awo, ndipo mlandu ukagwa, kaya ukwati, kaya maliro, woimira mbumba ndi mlongo wa mayi. Nanga azichemwali a mayi wako, ukawatchula chiyani ngati si amayi?

Ndinkadikira kuti akwiye kuti ndipeze ponyadira. Iye anangoyang'ana mapepala aja limodzilimodzi. Kenaka anati, "Ndiye nalakwitsa ndine. Mubwere mawa m'kalasi mwanga, muwauze pamaso panga."

Usiku wake sindinaganize zina koma manyazi, chifukwa kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo. Ndinapita ndithu. Mphunzitsi mnzangayo anaima kutsogolo n'kupepesa kwa ana, chinthu chimene ine sindinachitepo pa zaka zanga zonse zogwira choko. Atatero anandisiyira kalasi. Ana ataweruka, iye anandikhazika pampando, nandigwira dzanja kundionetsa moyendetsera kamuvi ka pagalasi kaja. Kankandithawa n'kukabisala pakona. Iye sanaseke, ngakhale ine dzulo lake ndinali nditamuseka.

Kuyambira pamenepo tinayamba kugwirira limodzi. Ine ndinkatuma ana kukafunsa kwawo kuti mbumba yawo inachokera kuti. Iye ankawaphunzitsa kujambula mawu pa foni, kuwataipa ndi kuwasunga bwino. Ana anabwera ndi zambiri. Ena anapeza kuti agogo awo anadutsa malire kuchokera ku Mozambique pothawa nkhondo, atasenza mphasa ndi mbewu ya chimanga. Ena mizu yawo inali ku Malawi, ena ku Katete m'dziko momwe muno. Zakusamuka kwa mitundu ya anthu, zimene ndinkalemba pa bolodi ana akuodzera, tsopano ankazikangana okha, wina mpaka kuloza mnzake kuti ndiwe m'bale wanga.

Bambo wina anapalasa njinga kuchokera kumudzi pepala la mwana wake lili m'thumba. "Aphunzitsi, ine wolima chimanga chimene mwanayu akudya, mwandiika kumphepete?" Tinamukhazika pansi, mwana wakeyo namutsegulira tsamba lina pomwe analemba za mbumba ya kwa bamboyo. Kumeneko iyeyo ndiye anali pamwamba, monga malume wa ana a mlongo wake. Anapempha kuti timusindikizire mapepala awiri a tsambalo.

Komabe mantha sanandichoke. Ana kukonda nkhani ndi kwina, kulembetsa phunziro ndi kwinanso, ndipo ndinkadziwa kuti mawu a makolo ndi amene amalemera. Kumapeto kwa chaka ahedi anabwera m'chipinda cha aphunzitsi ndi mndandanda wa maina a ana osankha phunziro langa. Anauwerenga pang'onopang'ono. Atamaliza anandiyang'ana.

"Amadamu, mukapemphe madesiki ena. Amene muli nawo sakwana."

Ndinanyamuka kupita ku chipinda cha makompyuta, komwe ndinamupeza mtsikana uja akukulunga mawaya, ana angapo akusesa. Ntchito imene ndinkaikonda inali itapulumuka m'manja mwa munthu amene ndinkamuda popanda chifukwa, ndipo zikomo wa pakamwa ndinaona kuti achepa. Ndinagwada pasimenti n'kuomba m'manja, monga timachitira kwa akuluakulu.

Anataya mawaya aja n'kundigwira mapewa. "Amayi, ukani! Ana akuona!"

"Asiyeni aone," ndinatero.