Mawu a Amayi mu Kiyibodi ya Abambo

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinaperekeza abambo ku Limbuli kukasankha kiyibodi ya kwaya yawo. Ine ndimafuna yatsopano, koma iwo anakakamira yakale poti imalowa fulashi ndipo imasunga mawu a munthu.

Titafika kunyumba anati, "Mwanawe, ikamo kanyimbo ka Chilomwe kaja amayi ako anajambula pa foni asanatisiye."

Ndinaikamo. Atangodina, amayi anayamba kuimba pabalaza. Abambo anavula chipewa, n'kumawatsatira pang'onopang'ono pa kiyibodipo ndi dzanja limodzi, linalo likupukuta misozi.

Vuto ndi lakuti memore yosungira mawu mu kiyibodimo ndi yochepa, nyimbo ikudukira pakati. Amene anatigulitsa kiyibodiyo ananena kuti tingathe kuwonjezera. Abambo akuti ayi, pomwe amayi akulekezera, iwo ndi amene azimalizitsa.

Inu mukuti bwanji, tiwonjezere kapena tiwasiye?