Khoma la Kumutu kwa Bedi

Mvula ya chaka chimenecho sinabwere ndi ukali. Inkangowaza, kuleka, kuwazanso, dzuwa osaoneka. Mvula yotere imafuna kuti munthu ayanike zovala m'nyumba, ndipo amene ali ndi nyumba yakale ayang'ane makoma ake.

Nyengo imeneyi ndi imene anthu ankakumbukira a Gogoda. Dzinali linachokera ku ntchito yawo yokonza makoma. Akalowa m'nyumba ya munthu, asanalandire ndi mpando womwe, ankayamba kugogoda khoma ndi chigwiriro cha hamala, khutu lili tcheru. Pulasitala wolimba amayankha mouma ngati mwala. Amene walekana ndi njerwa amalira ngati ng'oma. Chinyontho nachonso ankachidziwa mayendedwe ake: chochokera pansi chimakwera mpaka m'chiuno n'kusiya mchere woyera, chochokera kudenga chimatsika ndi mizere yofiirira.

Koma m'chilimwe makutu awo anayamba kutseka. Poyamba anasiya kumva tambala wa kutali. Kenako mawu a anthu ankamveka ngati akuchokera pansi pa madzi, mpaka anaphunzira kuyang'ana pakamwa pa wolankhula. Sanauze munthu. Ntchito ankazikana, n'kumanamizira msana.

Ya mwana wawo wamkazi sakanaikana. Anali atangobereka kumene, ndipo ankakhala ndi mwamuna wake m'nyumba yakale ya makoma okhuthala, kumapeto kwa msewu.

"Bambo, chipindachi chikununkha chuku," anatero mwana wawoyo. "Ndachapa zonse koma fungo silikuchoka."

Mkamwini anaseka. "Ndi matewera amenewo, bambo. Khomali ndinalikonza ndekha. Taonani kunyezimira kwake, mutha kumeterapo ndevu."

Khomalo linalidi lonyezimira, lobiriwira kuyambira pansi mpaka kudenga. M'munsi mwake munali bedi, ndipo kumutu kwa bedilo khanda linali mtulo.

"Penti wanji ameneyu, akamwini?"

"Wa oyilo. Panali zigamba zakuda, ndiye ndinapaka kawiri mwana asanabadwe. Mlendo asafikire pauve."

"Khoma linali litauma?"

"Aa, bambo, penti ameneyu salowa madzi."

"Satulutsanso madzi."

A Gogoda anayandikira khoma. Pentiyo anali atakwirira zonse zimene maso akanawerenga, mchere ndi mizere yomwe. Chotsala linali khutu.

Anatulutsa hamala, nagogoda. Anaona chigwiriro chikugunda khoma, koma m'mutu mwawo munangokhala kulira kwa nthawi zonse, konga kwa njuchi. Anasuntha, nagogodanso. Zii.

"Zili bwanji, bambo?" mwana wawo anafunsa.

A Gogoda anatsitsa hamala. Akanatha kunena kuti khoma lili bwino, n'kupita kwawo ulemu uli wonse. Koma pulasitala wa nyumba zakale ndi wokhuthala ngati chikhatho, ndipo iwo anaonapo pulasitala wotere atagwa n'kuthyola tebulo pakati. Anayang'ana khanda lija. Liwombo lake linkagunda pang'onopang'ono, lofewa, lopanda fupa. Anatembenukira kwa mkamwini.

"Akamwini, gwirani hamalayi. Muzimenya pamene ndikulozeni."

"Ine? Ndakwezedwa udindo?"

"Gwirani."

A Gogoda anagwada, naika chipumi pakhoma, zikhatho zonse ziwiri atazitambasula.

"Mwayamba kupemphera, bambo?"

"Menyani!"

Mkamwini anamenya. Khoma linali lozizira, losagwedezeka. A Gogoda anakweza chipumi mpaka msinkhu wa m'chiuno. Chimodzimodzi. A Gogoda sanadziwe ngati khomalo linalidi lolimba kapena chipumi chawo ndi chimene sichinkamva kanthu. Anapempha mpando, nakwerapo pambali pa bedi. Anaikanso chipumi pamwamba pa pamene panagona khanda, nalozera ndi chala.

Hamala itagunda, khoma linanjenjemera pachipumi pawo ngati chifuwa cha munthu amene akutsokomola. Anasunthira kumanja. Linanjenjemeranso. Atakanikiza ndi chala chachikulu, penti anabonyoka, ndipo dontho la madzi linatuluka n'kutsetsereka.

"Nyamula mwana," anatero chapansipansi. "Tuluka naye."

"Bambo?"

"Tuluka, mwanawe!"

Mwana wawo anatola khanda n'kuthamangira pakhomo. Mkamwini nthabwala zinamuthera. Anakoka bedi mpaka pakati pa chipinda. A Gogoda anatsika pampando, naima chambali, nalowetsa nsonga ya tchizulo pamene panabonyoka paja. Anamenya kamodzi. Chibenthu chachikulu ngati chitseko chinasomphoka n'kugwa pamene panali pilo. Kugwako sanakumve bwino, koma kunawafika m'mapazi.

Kuseri kwake njerwa zinali zakuda, zonyowa, madzi akutsika kuchokera kudenga. Mkamwini anakhala pansi, manja ali kumutu.

"Mawa mukwere padenga," a Gogoda anamuuza. "Pali lata lobooka. Khomali musalipake kanthu mpaka mvula ithe."

Mwana wawo anawaitana ali kumbuyo kwawo, koma sanacheuke. Anaitananso mokweza, osacheukabe. Ndiye anabwera kutsogolo kwawo, khanda lili pachifuwa, nawayang'ana m'maso, atazindikira kuti sakumva. A Gogoda anayang'ana pansi.

Anatsegula windo kuti mphepo ilowe. Kenako anatenga tchizulo, nagumula pulasitala yense amene anali atalekana ndi njerwa, mpaka pamene anakana kuchoka. Anawolera zibenthuzo m'ndowa, nakazitaya kuseri kwa nyumba.